Dilipi Yomwe Inatha Msanga

Nsapato zoyera za Sista Dailes zinali pansi pa kauntala ya polisi, pakati pa nsapato zong'ambika za wakuba mbuzi ndi patapata za mayi wina amene anamenya mlamu wake ndi mpini wa khasu. Aliyense wolowa m'chitokosi amasiya nsapato zake pamenepo. Sajeni Inutu anaziona atangolowa Lolemba m'mawa, ndipo anadabwa kuti zinali zoyerabe chonchija, mwini wake atathamangitsidwa ndi miyala dzulo lake.

Nkhaniyo anali ataimva kale m'minibasi. Lamlungu masana, pa chipatala chaching'ono cha Kamulombwa, bambo Kondani Njobvu a ku Bundabunda anamwalira ali pa dilipi. Mwana wawo Jabulani, wogulitsa zitsulo za galimoto ku Lusaka, anajambula zonse pafoni: mtembo, mayi ake akulira, ndi namwino ataima kakasi. Dzuwa lisanalowe vidiyoyo inali itazungulira Chongwe yense, anthu atadzaza pageti la chipatala. Apolisi anamutenga namwinoyo kuti amuteteze. Kutetezako kunagona m'chitokosi, kunja kukucha kunali kutasanduka mlandu.

A Kasuba, mkulu wa pa polisipo, sanamupatse n'komwe mpando.

"Ba Inutu, iyi nkhani ni yapafupi," anatero. "Nesi anali yeka, mankhwala anaika ni yeve, munthu wafa. Nifuna doketi pa tebulo yanga tikalibe kuweruka."

Inutu anafunsa ngati sikunali bwino kudikira kuti madokotala a ku Lusaka aupime mtembowo. A Kasuba anati a ku Lusaka amayankha akafuna, pamene anthu a pageti sadikira. Mlandu woti ulembedwe m'doketiyo, fayilo yopita kukhoti, unali wa kupha munthu chifukwa chosasamala ntchito. Kwa Dailes zimenezo zinatanthauza ndende, ndiponso kuvula yunifomu mpaka kalekale.

Inutu anamutulutsira Dailes pa benchi ya kuseri kwa ofesi. Anali mkazi wamfupi kwambiri, moti atakhala, zala za kumapazi zokha ndi zomwe zinkagunda pansi. Sanalire. Analankhula ngati akusiyira ntchito mnzake wolowa masana. A Njobvu anabwera Lachisanu atatsegula m'mimba koopsa. Lamlungu m'mawa dokotala analamula kuti m'botolo la dilipi yawo athiremo potaziyamu, mchere wina wa m'magazi umene umatha munthu akatsegula m'mimba, ndipo botololo lizidontha pang'onopang'ono mpaka madzulo. Iye anathira, nalemba dzina la mankhwalawo pa pulasitala n'kumata pabotolo. Anachepetsa kagudumu kamene kamatsegula ndi kutseka kapaipi ka dilipi, n'kukamanga ndi pulasitala ina kuti kasasunthe. Kenako minibasi inagubuduzika pa msewu waukulu, ovulala anadzaza pakhonde, ndipo iye, namwino yekhayo wa wodi ya abambo, anaitanidwa kukathandiza kusoka mabala. Pobwerera anapeza botolo lilibe kanthu, a Njobvu atasiya kupuma.

"Bakamba ati ninabalasa nyeleti yolakwika," anatero, akunena za jekiseni. "Sininabalase olo imozi. Ninaika chabe dilipi, ndipo ninaika bwino."

Pa benchi imeneyo Inutu anali atamverapo anthu ambiri amene anachita zonse bwino. Anatsegulanso vidiyo ya Jabulani, nazimitsa mawu, chifukwa kukuwa kwa munthuyo kunkakokera maso pakati pa chithunzi. Iye ankafuna za m'mbali. Anafunsa komwe botolo linakolekedwa. Dailes anati pa msomali wa kumutu kwa bedi, poti zitsulo zokolekera dilipi zinali zochepa ndipo zonse zinapita ku wodi ya amayi oyembekezera.

Inutu anaimitsa vidiyo. Msomali unkaoneka bwinobwino pakhoma, wopanda kanthu. Botolo linali pamwamba penipeni pa zitsulo za zenera, pafupi ndi denga.

Anamuuza Dailes kuti aimirire, akweze dzanja. Dzanjalo linalekeza pa mphumi ya Inutu ndi pang'ono.

"Sista, apa munakwelapo na chani?"

Dailes anaiyang'ana foniyo kwa nthawi yaitali.

"Apo sine ninakoleka."

* * *

Dokotala Mwape anali munthu wolankhula akuyenda, chitumbuwa chili kumanja. Anafotokoza nkhani ya potaziyamu pakati pa khomo la ofesi yake ndi khomo la wodi. Mankhwalawo akalowa pang'onopang'ono amadzutsa munthu, koma akalowa mothamanga amaimitsa mtima. Botolo likakwera pamwamba, kagudumu n'kutseguka, madzi amathamanga. Anatola kapaipi kotha ntchito n'kumuonetsa Inutu: kukankhira m'mwamba ndi kutsegula, kukankhira pansi ndi kutseka. Za Dailes sanafune kunena kuti analakwa, komanso sanafune kunena kuti sanalakwe. Akuluakulu a chipatala anali atalamula kuti aliyense wofuna kulankhula adzere kwa iwo, ndipo iwowo anali pa msonkhano.

M'wodimo munali fungo la mankhwala okolopera ndi la ndiwo za m'makontena. Pansi pa bedi lililonse panali katoni yoyala kapena chitenje. Pamenepo ndi pogona mabedisaida, abale a odwala, amene amasambitsa, kudyetsa, kutembenuza ndi kuthamangira namwino zinthu zikavuta. Inutu anafunsa ngati anthu amenewa amakhudza dilipi.

"Awe," anatero a Mwape. "Timabauza chabe kuti ikasila, mutseke. Nesi umozi sangaone mabotolo yonse."

Ananena ngati nkhani yaing'ono, natafuna chitumbuwa chake.

Bedi la a Njobvu linali la pazenera, atalichotsa zofunda. Inutu anavula nsapato n'kukwera pa kabati kakang'ono ka pambali pake. Botolo anali atalitaya okolopa, koma chomwe linamangidwira anachisiya: mphira yakuda yodula ku chubu cha njinga, yomangidwa mfundo yoti ukangokoka nsonga imamasuka yokha. Anaimasula n'kuinunkhiza. Inkanunkha mkaka wosasa.

Atatsika anagwada kuti avale nsapato, ndipo ali chigwadire anaona pulasitala. Inali itamatidwa nsonga imodzi kunsi kwa chitsulo cha bedi, yopindikabe monga inakulungira kagudumu kaja. Sinang'ambidwe. Munthu wofuna kuchita choipa akanaifinya n'kuitaya. Uyu anaisunga mosamala, ngati woti adzaibwezeretsa akamaliza.

Anafunsa mabedisaida mmodzimmodzi. Palibe anaona kanthu. Linali Lamlungu, amayi a kwaya anabwera kudzapempherera odwala, ndipo aliyense anali atatsinzina. Bambo wina wa pakona anali atapita kukachapa. Wina anali atagona. Wina anatsinzina, kuchapa ndi kugona, zonse nthawi imodzi. Inutu anali asanaonepo wodi ya anthu opemphera chotere.

Pa bedi loyandikana ndi la pazenera panagona nkhalamba yowonda, a Matthias. Woyang'anira wawo, mng'ono wawo, anali atachoka dzulo masana ndipo ankayembekezeka kubwera dzuwa likapendeka. A Mwape anagogoda chitsulo cha kumiyendo kwa bedilo podutsa, nati awanso matenda awo ndi omwewo, zotsatira za magazi zabwera, masana awapatsa mankhwala omwe aja, koma ulendo uno ayang'anira yekha poika. Inutu anazimva monga munthu amamvera za nyengo pa wailesi. Maganizo ake anali pa mphira ndi pulasitala zomwe ankaika mu envulopu.

Ali pakhomo, mayi wina wachikulire amene ankatsuka mbale pampopi anamugwira m'mphepete mwa malaya. Analankhula osamuyang'ana.

"Musavutike na amene anachita, madamu. Funsani amene anapempha."

* * *

Galimoto ya polisi inali itapita ndi a Kasuba ku msonkhano wa chitetezo, choncho Inutu anakwera minibasi mpaka pa mphambano, n'kupitiriza pa njinga yamoto. Asanalowe pamaliro anamanga chitenje pamwamba pa thalauza.

Abambo anali panja pansi pa tenti. Jabulani anadzuka kudzamuchingamira, atavala jekete yachikopa yomwe ija ya mu vidiyo. Ankalankhula ngati foni ikumujambulabe. Anati anafika pa nthawi yoonera odwala, napeza bambo ake akupuma mobanika, botolo litatsala pang'ono kutha, namwino osaoneka. Botolo linali pati? Pazenera, pamwamba. Nanga jekiseni yolakwikayo anaiona? Sanaione, koma aliyense akudziwa kuti ndi mmene amaphera anthu. Anafunsa ngati namwinoyo wapita kale kukhoti. Kenako, mawu atatsika, anati anawagulira bambo ake bulangete latsopano, ndipo likadali m'pepala lake m'galimoto. Inutu anamusiya ayang'ane kumbali mpaka maso ake atauma.

M'nyumba, mayi Ednah, mkazi wa malemu, anakhala pansi atatsamira khoma, mutu atafunda chitenje. Uku ndi uku kunali alongo ake a malemu. Inutu anagwada, napepesa, nafunsa funso loyamba. Anayankha mlamu wa kumanja. Anafunsa lachiwiri, anayankha wa kumanzere. Mlamu wawo watopa, anatero, ndipo zonse zomwe akudziwa anawauza kale iwowo. Inutu anaona mmene ankamuyang'anira mferedwayo. Sikunali kuyang'ana kwa chisoni chokha. Anali maso a anthu amene akadali kuganiza kuti imfa ya mlongo wawo aiike pamutu pa yani.

Anasiya mafunso, nakhala nawo pansi, naimba nawo nyimbo ziwiri. Ankadziwa kuti pamaliro mkazi wamasiye sayenda yekha, ngakhale popita kuchimbudzi. Pamafunika mayi wina womuperekeza. Mayi Ednah atangoyamba kusuntha miyendo kuti adzuke, Inutu anali ataimirira kale, atawagwira pachigongono. Alamu aja anayang'anana. Kukankha wapolisi pamaso pa anthu a mpingo sikunali kotheka.

Kuseri kwa nkhokwe mayi Ednah anaima. Analankhula motsitsa, mawu akutuluka ngati anali atawasunga m'kamwa kuyambira dzulo. Milomo ya bambo ake a Jabulani inali itang'ambika ndi ludzu. Kuyambira Lachisanu iwo ankaona dilipi ya pa bedi linalo ikuyenda ngati mpopi, botolo kutha lina kulowa, mpaka nkhalamba ija inayamba kudzuka ndi kupempha phala. Koma ya amuna awo, Lamlungu lija, inali dontho, kenako n'kudikira, n'kudikira, dontho lina. Anaganiza kuti masisita akuumira madzi poona kuti iwo ndi anthu akumudzi. Anapita kukafuna namwino, napeza magazi okhaokha pakhonde ndi anthu akubuula.

"Ninapempha neo, mwanangu," anatero akudziloza pachifuwa. "Poyamba anakana, ati asista amatapo pulasitala. Ninachita kugwada."

Inutu anafunsa kuti anagwadira yani.

Anali a Cheelo a ku Palabana, oweta ng'ombe za mkaka, mng'ono wa a Matthias. Munthu wamtali, waulemu. Tsiku lililonse ankabwera ndi chigubu cha mkaka wosasa n'kugawira wodi yonse, ndipo anthu ankawatchula kuti dokota wa ng'ombe. Anakweza botolo, natsegula kagudumu, napepesa kuti sangakhalitse chifukwa nthawi yokama ya madzulo inali itayandikira. Anapalasa njinga n'kumapita. Za imfayo sanaione.

Mayi Ednah anakoka chitenje chawo mpaka pachibwano.

"Ni yamene ija inawapaya?"

Inutu anati madokotala ndiwo adzanene. Sanali kunama, koma onse awiri anamva kuperewera kwa yankholo. Mayiwo anayang'ana kunyumba, komwe mlamu mmodzi anali ataima pakhomo. Anati alamu awo akamva kuti anapempha ndi iwo, sadzadikira n'komwe kuti maliro aikidwe. Inutu sanalonjeze zambiri. Anangoti pano, lero, sanena kanthu.

"Musawavutitse a Cheelo," anatero mayi Ednah akuyamba kubwerera. "Ni munthu wabwino. Na ya akulu awo amaikonza okha tsiku na tsiku, akangofika masana."

Inutu anaima. Anakumbukira dzanja la a Mwape likugogoda chitsulo cha bedi. Anayang'ana pansi. Mthunzi wa nkhokwe unali utayamba kale kupendekera kum'mawa.

* * *

Foni ya a Mwape inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, chimodzimodzi. Ya a Kasuba inali yozimitsa, monga zimakhalira foni za anthu okambirana za chitetezo. Wapolisi wa pa kauntala anayankha, koma analibe choyendera, ndipo nambala ya chipatala yomwe anali nayo inali ya mlonda amene anasiya ntchito chaka chatha.

Wa njinga yamoto uja anali akudya pamaliropo. Inutu anamulanda mbale, namuuza kuti sakupitanso ku mphambano koma ku Kamulombwa kwenikweni, ndipo lero lokha apolisi saona liwiro lake. Munthuyo anamvera ndi mtima wonse. Fumbi, mbuzi, magalimoto a makala, zonse zinkangotsalira m'mbuyo, Inutu atagwira envulopu ndi dzanja limodzi, foni ndi linalo, akuimbabe.

Pakhoma la wodi ya abambo panatsamira njinga yakapalasa. Kumbuyo kwake kunali zigubu za mkaka zomangidwa ndi mphira zakuda.

Analowa akuthamanga. Bambo wamtali wovala jombo anali ataimirira pa kabati ka pambali pa bedi la a Matthias, botolo lili m'manja pamwamba pa mutu wake, mphira ataluma ndi mano. Pulasitala inali kale kunsi kwa chitsulo cha bedi, yomatidwa nsonga imodzi. M'kapaipi madzi sankadontha, ankayenda ngati ulusi.

Inutu anagwira kagudumu n'kukakankhira pansi mpaka kanakana kupitirira. Ulusi uja unaduka. Chala chake anachisiya pomwepo.

Anatuma bedisaida wa pakona kuti akaitane namwino. Anabwera Sista Judith, magolovesi ali m'manja, kuchokera ku wodi ina yomwe ankaiyang'aniranso. Anaona botolo, anaona pulasitala, nkhope yake inasintha. Anagwira mkono wa a Matthias, namvetsera pachifuwa, nati madzi omwe alowa ndi ochepa, koma akukaitana a Mwape ku chipinda cha opareshoni ngakhale atakhala pakati pa ntchito. A Matthias anatsegula maso n'kufunsa chifukwa chake anthu sakuwalola kugona.

A Cheelo anatsika pa kabati mosapupuluma. Anachotsa mphira pakamwa, napereka moni wa manja awiri, nafunsa ngati madamu adya kale, poti mkaka ulipo. Sanaonetse mantha ngakhale pang'ono. Inutu atafunsa za dilipi ya a Njobvu, anavomera ngati munthu amene ntchito yake yayamba kudziwika. Anati anachitako maphunziro a ziweto ku Palabana, ndipo akhala ndi ng'ombe kuyambira ali aang'ono. Thole likatsegula m'mimba silifa ndi matenda, limafa ndi kuuma. Ukalipatsa madzi msanga, madzulo umalipeza laimirira likufuna kuyamwa. Munthu ndi chimodzimodzi. Taonani akulu awowa, anabwera atanyamulidwa. Masisita ndi ochepa, amathamanga tsiku lonse, ndiye munthu wodziwa angokhala manja ali m'thumba? Za a Njobvu anamva atangofika kumene, kuti anabayidwa jekiseni yolakwika, ndipo zinawapweteka mtima.

"Ine ninayesako, madamu," anatero. "Sembe madzi yanangena kudala, sembe balipo."

Inutu anali atakonza mafunso ambiri panjira. Anawasiya onse. Anafunsa ngati botolo lililonse la ng'ombe amaliyendetsa mothamanga.

A Cheelo anaseka pang'ono, kuseka kwa mphunzitsi. Anati ayi. Pali ng'ombe imene imagwa ikangobereka, osatha kudzuka. Imeneyo amaipatsa botolo la kashiamu mu mtsempha wa pakhosi. Botolo limenelo ndi loopsa. Umaligwira m'munsi, pafupi ndi khosi, lizilowa pang'onopang'ono, dzanja lina lili pa mtima wa ng'ombe. Mnansi wawo wina anakweza dzanja chifukwa chofulumira, ng'ombe inangodzidzimuka kamodzi basi.

"Madzi ni madzi," anatero. "Koma botolo ya mankhwala, iyo sunyamula pamwamba. Mutima uima."

Inutu anatenga botolo la a Matthias n'kulitembenuza. Kumbuyo kwake kunali kachidutswa ka pulasitala kolembedwa ndi bolopeni, zilembo zochepa zopendekera.

"Apa muziba vamene balembapo?"

"Ni va masista ivo. Ine sinifunsa."

"Iyi si madzi yeka, ba Cheelo. Muli mankhwala. Monga kashiamu yanu." Anadikira pang'ono. "Na ya ba Njobvu inali na pulasitala monga iyi."

A Cheelo anayang'ana botolo. Anayang'ana bedi lopanda zofunda la pazenera, kenako mkulu wawo, amene anali atagonanso kukamwa kuli yasa. Sanafunse kuti Inutu abwereze. Zonse ankazidziwa kale, anali atangozifotokoza okha. Anakhala pansi pa simenti, mphira ili m'manja. Ulendo uno m'wodi yonse munalibe wotsinzina.

Patapita nthawi a Cheelo anafunsa komwe kunali sisita wamfupi uja. Inutu anawauza.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anadzuka mofulumira moti kabati kanagwedera.

"Ninabaonetsako na benangu," anatero. "Ku wodi ya bazimai. Banali kubwela kutenga mukaka, ninabapasa na malegeni."

Anayenda atatu, a Cheelo patsogolo, Inutu ndi Sista Judith pambuyo. Bedi ndi bedi, zenera ndi zenera. Pomwe panali mphira yakuda, a Cheelo ankatambasula dzanja osakwera pa kanthu, n'kukoka nsonga, mfundo n'kumasuka. Judith ankabwezera botolo pa msomali ndi kukonza kagudumu. Kwa bedisaida aliyense a Cheelo ankanena mawu omwewo, mosakweza: zimene ndinakuphunzitsani zija zapha munthu, musadzachitenso. Mayi wina anayamba kutsutsa kuti mwana wake wachira nazo. A Cheelo anangomuyang'ana mpaka anasiya.

* * *

Anafika pa polisi anthu asanaweruke. A Cheelo anabwera akukankha njinga yawo, atakana kuisiya ku chipatala. Panjira anaimbira mkazi wawo Mutinta kuti akame yekha madzulo ano, ndi mawa, ndipo ng'ombe yofiira ija asaiyandikire chakumanzere.

Inutu anakhuthula mphira zonse pa tebulo la a Kasuba, pamwamba pa doketi yomwe inkadikira dzina la Dailes. Pambali anaika envulopu ya pulasitala. A Kasuba anamvetsera nkhani yonse akusisita chibwano. Kenako anafunsa a Cheelo kuti anawatuma ndani kukhudza dilipi ya munthu amene si m'bale wawo.

"Kulibe," anatero a Cheelo. "Manja ni yanga."

Inutu anayang'ana panja pazenera, pomwe panalibe chilichonse choti aone.

A Kasuba anapumira m'mwamba, mtima uli m'malo. Anati ndiye kuti ntchito yatha, angosintha dzina pa doketi. Inutu anati dzina lisinthadi, koma doketiyo sinathe. Mulowanso msomali wa pakhoma, namwino mmodzi wa wodi yonse amene anachotsedwa kukasoka mabala, ndi lamulo lija lakuti ikatha mutseke, lomwe linaika zala za abale pa kagudumu popanda wowauza kuti mabotolo ena amapha. Mawa m'mawa akatenga mawu kwa akuluakulu a chipatala, ndipo akawapeza ali pa msonkhano adzakhala pakhomo mpaka msonkhanowo uthe. A Kasuba anati anthu a pageti safuna msomali, amafuna munthu. Inutu anati akudziwa, ndipo msomaliwo sunadzikhomere wokha.

Anapita yekha kukatsegula chitokosi. Dailes anatuluka akuphethira ndi kuwala. Asanafunse za iye mwini anafunsa ngati a Matthias apatsidwa mankhwala awo, ndi amene anawaikira. Inutu anati ali moyo ndipo akudandaula za phokoso.

Pa kauntala Dailes anakumana ndi a Cheelo. Ankadziwana. Kangapo konse a Cheelo anali atamusiyira kapu ya mkaka pa tebulo la anamwino, iye n'kuipeza madzulo itagwera ntchentche. A Cheelo anavula chipewa.

"Sista, ni ine."

Dailes anayang'ana m'mwamba, poti nkhope yawo inali kutali.

"Ninamatapo pulasitala, ba Cheelo."

"Ninaiona."

Dailes anawerama, natulutsa nsapato zake zoyera pansi pa kauntala, nakhala pa benchi kuti amange zingwe. Anamanga imodzi. Ali pa inayo analankhula osadzutsa mutu.

"Koma sininakuuzeni chifukwa chake."

Palibe anawauza a Cheelo chochita. Wapolisi wa pa kauntala anali akufunafunabe bolopeni. Iwo anatsamira khoma, navula jombo imodzi, kenako inayo, nazigwedeza kuti matope a m'khola agwere panja pa khomo. Anaziika pa mpata womwe nsapato zoyera zinasiya, pakati pa za wakuba mbuzi ndi patapata zija, nazilinganiza bwinobwino zidendene.